Nanga Kwawo Akudziwa?

Anzanga achinyamata, sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndaganiza zoulula chizolowezi changa china chimene ambiri a inu mwakhala mukundiseka nacho tikakhala pansi pa mtengo paja Misa yachiwiri ikatha. Mumati maso anga sachoka pa lamya ya m'manja, ndipo ena munafika poganiza kuti pali mwana wa eni amene ndimalemberana naye mpaka tambala woyamba. Pepani, palibe. Chimene chimandigwira ine ndi nthano zitalizitali zolembedwa ku Japan ndi ku Korea, zimene anthu ena anazimasulira m'Chingerezi n'kuziika pa intaneti. Pafupifupi zonse zimanena nkhani imodzi: munthu wagona kapena wafa, ndipo potsegula maso wapezeka ali m'kati mwa masewera a pa kompyuta, lupanga lili m'manja, zilombo zamuzungulira. Zambiri mwa nthanozi ndinaziwerenga ndili chigonere pa mphasa, kunsi kwa bedi la bambo anga m'chipatala, m'miyezi iwiri yomaliza ya chaka cha 2022.

Kwa inu amene simunaziwerengepo, ndiyambe ndafotokoza kumene zimachokera. Ku Japan nthano zotere amazitcha isekai, kutanthauza dziko lina, ndipo mawuwa anafala kwambiri moti mu 2024 analowa m'buku lotanthauzira mawu la Oxford. Zambiri zinabadwira pa tsamba lotchedwa Shōsetsuka ni Narō, lomwe linatsegulidwa mu 2004. Pamenepo munthu aliyense, kaya ndi mwana wa sukulu kaya ndi kalaliki wotopa ndi ntchito ya mu ofesi, amalemba mutu umodzi lero, wina mawa, popanda mkonzi womuuza kuti apa palakwika. Owerenga amapereka mavoti, nthano yokondedwa imakwera pa mndandanda, ndipo ikafika pamwamba makampani osindikiza mabuku amabwera kudzaitola. Kenaka pamatuluka buku, pambuyo pake makatuni a pa kanema. N'chifukwa chake mitu yake imakhala ifupiifupi, ndipo uliwonse umathera pamalo poti mtima uli m'malere. Wolemba amadziwa kuti mukapuma lero, mawa mupita kwa mnzake.

Makampani asanayambe kuzimasulira mwalamulo, amene ankatiwolotsera nthanozi anali anthu wamba ozikonda, omwe ankamasulira mwaulere pa masamba onga Baka-Tsuki. Ena ankaidziwa ntchito. Ena ankangoponya mawu m'makina omasulira n'kutipatsa chimene chatuluka. Poti Chijapani ndi Chikoreya nthawi zambiri sizitchula amene akuchita chinthu, makinawo ankangolota, moti msilikali wandevu ankasanduka mkazi pakati pa ndime, n'kubwereranso kukhala mwamuna pa ndime yotsatira. Owerenga anzathu a kunja ankadandaula nazo kwambiri. Ine sizinkandivuta, chifukwa m'mutu mwanga ndinkamasuliranso kachiwiri m'Chichewa, momwe mwamuna ndi mkazi onse ndi "iye".

Nthano imene inatsegulira ambiri khomo ndi Sword Art Online ya Reki Kawahara. Iye anailemba kuti alowe nayo mu mpikisano wa chaka cha 2002, koma inatalika kupitirira malire, choncho anaiika pa intaneti, ndipo inadzasindikizidwa ngati buku mu 2009. M'nthanoyo anthu 10,000 avala chisoti cholumikiza ubongo ndi masewera, ndipo atalowa akupeza kuti khomo lotulukira lachotsedwa. Mwini masewerawo akuwauza kuti wofa m'katimo wafanso kunja kuno, ndipo kuti atuluke ayenera kugonjetsa linga la nsanjika 100, imodziimodzi kuyambira pansi. Tsiku limene wolembayo anasankha kuti zimenezi zichitike linali 6 Novembala 2022. Tsikulo litafikadi, linali Lamulungu, ndipo ine ndinali pa khomo la wodi ya abambo, beseni lili m'manja, kudikira kuti amalize kukolopa kuti tilowe.

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndinamaliza maphunziro a ku koleji mu 2021, ndipo kwa chaka chathunthu ntchito yanga inali kulemba makalata ofunsira ntchito. Ndinasiya kuwawerenga atakwana 40. Mayankho anabwera awiri okha, onse ondikana. Kukanidwa kumapweteka ndithu, komabe chimene chinkandidya ine usiku chinali kusadziwa ngati ndikuyandikira kapena ndikutalikira. Kalata ya 40 inali chimodzimodzi ndi yoyamba. Panalibe chizindikiro chilichonse choonetsa kuti dzulo ndinachitapo kanthu.

M'nyengo imeneyo mnzanga wina ananditumizira Solo Leveling, nthano ya ku Korea imene wolemba wotchedwa Chugong anaiyamba mu 2016. M'menemo munthu sapita ku masewera, masewera ndi amene amamupeza. Sung Jinwoo ndi mlenje wa zilombo wofooka kuposa onse, mayi ake ali chikomokere m'chipatala, mlongo wake ali pa sukulu. Tsiku lina patsogolo pa maso ake pakuoneka zenera lowala, losaoneka kwa wina aliyense, lolembedwa manambala a mphamvu zake, liwiro lake, nzeru zake ndi levulo imene wafika. Tsiku lililonse zeneralo limamupatsa ntchito: mapushapu 100, masewera ena awiri olimbitsa thupi ka 100 aliwonse, ndi kuthamanga makilomita 10. Akamaliza, nambala imakwera pomwepo iye akuona.

Anzanga, zinjoka ndi malupanga ndi zokometsera chabe. Malonda enieni a nthano zimenezi ndi zenera limenelo. Zimakupatsa dziko limene thukuta lililonse limalembedwa, dziko limene silifunsa kuti ndiwe mwana wa yani kapena ukudziwana ndi ndani kumeneko. Wapha chilombo, walandira. Wagwira ntchito, wakwera. Ndinayesa nanenso mapushapu aja kuseri kwa nyumba kwa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinalephera kukweza ndowa ya madzi, ndipo zenera silinabwere.

Nditawerenga zambiri ndinayamba kuona mtundu wa anthu amene olembawa amawatumiza ku dziko linalo. Kawirikawiri ndi mnyamata amene anadzitsekera m'chipinda kwa zaka, kapena wantchito amene ofesi yamuyamwa mpaka kuuma. Mu Overlord ya Kugane Maruyama, yomwe inayamba mu 2010, Suzuki Satoru alibe banja. Gulu lake la m'masewera linali la anthu 41, koma anzakewo anachoka mmodzimmodzi, ndipo usiku umene masewerawo akutsekedwa iye wakhala yekha pa mpando wachifumu kudikira 12 koloko, uku akuganiza zoti m'bandakucha adzukire ku ntchito. Kwa iwo ntchito imachuluka mpaka kupha munthu, kwa ine inkasowa, koma tinkamwa pa chitsime chimodzi.

Kumapeto kwa Okutobala 2022 bambo anga anagwa akumangirira katundu pa njinga. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Ku chipatala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene iwo sankadziwa kuti ali nako. Mayi sakanasiya ana aang'ono ndi geni yawo ya tomato imene inkatidyetsa, achemwali anga ali pa banja kutali. Wotsala ndinali ine, wopanda ntchito uja. Ndiye ntchito inandipeza popanda kalata: kuwasambitsa, kuwatembenuza pa maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, kuwadyetsa, kuchapa zofunda, ndi kuphika ku khitchini ya odwazika matenda, mwamuna mmodzi pakati pa amayi ambiri. Usiku ndinkayala mphasa kunsi kwa bedi, kutsitsa kuwala kwa lamya, n'kulowa m'mitu imene ndinasungiratu masana bandulo isanathe.

Imene ndinkawerenga masiku amenewo inali Log Horizon ya Mamare Touno, yoyambanso mu 2010 pa tsamba lija la Narō. Osewera 30,000 a ku Japan adzuka ali m'masewera otchedwa Elder Tale. Palibe mdani amene wawatsekera, palibe linga loti agonjetse, palibe wowauza chifukwa chake. Akafa amadzukanso. Ndalama yoti agule chakudya ndi malo ogona amaipeza mosavuta. Ukanati zonse zili bwino, koma anthuwo akuyamba kuwola mtima, kungokhala pansi m'misewu ya mzinda wa Akiba, ena kuyamba kubera anzawo pofuna kungotaya nthawi. Ndipo chimodzi mwa zowafooketsa ndi chakudya. Kuphika kwa m'masewera n'kosavuta: watsegula zenera, wasankha zofunika, wadina, mbale yatuluka. Nyama ikuoneka ngati nyama, koma m'kamwa chilichonse chikumveka ngati bisiketi yonyowa yopanda mchere, ndipo chakumwa chilichonse ndi madzi chabe. Amene akupeza njira ndi Nyanta, wophika wa nkhope ya mphaka. Iye akusiya zenera, akusonkha moto, akudula nyama ndi mpeni, akuwotcha ndi manja ake, ndipo kukoma kukubwera. Kuchokera pa chinsinsi chimenecho mnyamata wochenjera wotchedwa Shiroe akusonkhanitsa ndalama zagolide 5 miliyoni, akugula nyumba imene aliyense mu mzindawo amaidalira, n'kukakamiza magulu 11 kukhala pa bwalo limodzi kuti apange malamulo.

Sabata imene ndinawerenga za Nyanta, bambo anali akukana phala langa. Kulankhula sankatha, ndiye ankangotembenuzira nkhope ku khoma. Ine ndinkati ndi matenda. Mayi wina amene ankadwazika amuna awo kumapeto kwa wodi anandionerera kwa masiku awiri m'mene ndinkaphikira: madzi awira, ndakhuthulira ufa, ndatakasa katatu, ndabwerera pa lamya. Tsiku lachitatu anandilanda mthiko.

"Mwana wanga, phala ili ukuphika ndi dzanja limodzi. Wodwala amamva. Taika chinthucho m'thumba."

Anandionetsa kuyamba ndasungunula ufa m'madzi ozizira kuti pasakhale mibulu, kutakasa osaleka, kuthira nsinjiro zosefa bwino, ndi kulisiya libwate nthawi yaitali pa moto wochepa. Anandiuzanso chimene anamwino anali atanena kale koma ine osamva, kuti munthu wa sitiroko amatsamwa msanga ndi zamadzimadzi, choncho phala lizikhala lolimbirako ndipo azidya atakhala tsonga. Madzulo amenewo bambo anamaliza theka la mbale. Sindinganame kuti buku ndi limene linandiphunzitsa, anandiphunzitsa ndi mayi aja. Koma usiku nditafika pa mutu wa wophika uja ndinaseka ndekha kunsi kwa bedi, mpaka wodwala wa pafupi anakhosomola mondidzudzula.

Pali chinthu china m'nthanoyo chimene ndinachiwerenga osachimva, mpaka chinandichitikira. M'masewera a pa kompyuta mumakhala anthu amene si osewera, oikidwamo ndi opanga masewerawo: wogulitsa m'sitolo, mlonda wa pa chipata, mlimi woima m'munda. Ukawalankhula amabwereza mawu omwewo tsiku lililonse, ndipo palibe amene amawafunsa kuti mwadzuka bwanji. Mu Log Horizon amatchedwa Anthu a M'dziko. Osewera atadzuka m'masewera muja, anthu amenewa apezeka kuti ali ndi maina, ali ndi makolo, amakonda, amaopa. Osewera ambiri akuchedwa kuzindikira zimenezi, ndipo ku mzinda wa kumpoto wa Susukino ena akuwazunza ngati katundu. Pa bwalo lija Shiroe akuwakumbutsa anzake kuti eni dziko ndi anthu amenewa, iwowo ndi obwera. Komanso pali kusiyana kumodzi kwakukulu: wosewera akafa amadzuka, koma Munthu wa M'dziko akafa wapita.

Usiku wina pakati pa Novembala ndinali pa mutu wa nkhondo yoteteza mudzi wa Choushi, pomwe mnyamata wina wa M'dziko, Rundelhaus, amene ankadzibisa pakati pa osewera, akuvulala mpaka pa khomo la imfa. Mtima wanga wonse unali kumeneko. Pamwamba panga bambo ankafuna kupita kokadzithandiza. Kuitana sakanatha, ndiye ankagogoda chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamoyo. Ndikukumbukira kuti phokosolo ndinalimva, koma ngati lochokera kutali, ku nyumba ya eni. Ataona kuti sindikudzuka anayesa kutsika okha, n'kuterereka. Amene anawawakha asanamenyetse mutu pansi anali madala ena amene ankadwazika mwana wawo pa bedi loyandikana nafe. Anandigwedeza pa phewa.

"Dzuka mwana wanga, bambo ako akukufuna."

Anaona bwino lomwe kuti sindinali m'tulo, poti kuwala kwa lamya kunali pankhope panga, koma anasankha kunena kuti dzuka. Tinawanyamula awiri. Zinali zitachitika kale, zovala ndi zofunda zonse. Bambo anga ndi munthu amene kuyambira ubwana wanga sindinawaonepo ali chifuwa pamtunda, ndipo usiku umenewo ndikuwapukuta analira opanda mawu. Madala aja anatenga chitenje n'kuima chotipatsa msana, atachitambasula kuti ena asaone.

Ndikuchapa m'bandakucha ndinazindikira kuti ndagona moyandikana ndi munthu ameneyu kwa masabata atatu osadziwa dzina lake, kwawo, ngakhale chimene mwana wake akudwala. Tinkapatsana moni wa m'mawa, mawu omwewo tsiku lililonse. Kwa ine iwo anali mlonda wa pa chipata uja. Ndinali nditatsala pang'ono kukhetsa misozi chifukwa cha Rundelhaus, munthu wa pa pepala, pomwe mnyamata wa msinkhu wanga ankatha mikono iwiri kuchokera pa mphasa yanga. Dzina lawo ndinalifunsa m'mawa mwake, koma sindililemba pano. Mwana wawo anamwalira patapita masiku anayi, ndipo ndinawanyamulira mphasa ndi mapoto mpaka pa msewu.

Ndinene pano, makamaka kwa inu azing'ono anga amene mwakhala mukundipempha kuti ndikutumizireni nthanozi, kuti zambiri mwa izo sizifika pamene Log Horizon inafika. Mu zambiri anthu ena onse amakhalabe zidole mpaka kumapeto: atsikana ndi mphotho za ngwazi, adani ndi manambala oti awonjezere levulo. Mu The Rising of the Shield Hero ya Aneko Yusagi ngwaziyo imagula kamtsikana pa msika wa akapolo, ndipo nthanoyo imayesetsa kutipatsa zifukwa zoti tiimvetse. Ife amene tinaphunzira za Jumbe wa ku Nkhotakota sitiyenera kumeza zotere mosatafuna. Zina n'zolembedwa mwaulesi moti ukawerenga zitatu wawerenga zonse. Ndimazikondabe, koma ndimasankha.

Mayi wa mafizo amene ankabwera kudzawongola dzanja ndi mwendo anandiuza kuti ndiziwalankhula bambo kwambiri, ngakhale asayankhe, chifukwa ubongo umafunika kumva mawu kuti upezenso njira. Koma mwana wamwamuna angacheze chiyani ndi bambo ake tsiku lonse? Kwathu tinkalankhulana za feteleza, za fizi ndi za mpira, basi. Zimenezo zinatha tsiku limodzi. Ndiye madzulo ena, lamya ili m'thumba, ndinayamba kuwasimbira Log Horizon m'Chichewa.

Apa ndi pamene ndinawalemekeza omasulira aja amene ndinkawaseka. Levulo ndinaitcha msinkhu. Bwalo la magulu 11 linasanduka bwalo la mafumu, Shiroe n'kukhala nduna yochenjera yovala magalasi. Zenera ndinavutika nalo masiku awiri, mpaka ndinati ndi chiphaso cha ku sikelo chimene munthu amayenda nacho m'maso, ndipo aliyense anamva. Ndikuti aliyense chifukwa pofika tsiku lachitatu mabedi a pafupi anali atatchera khutu. Nditafotokoza kuti anthuwo akafa amadzukanso m'kachisi wamkulu wa mu mzinda, yemwe omasulira ena amamutcha Cathedral, agogo ena a pa ngodya anayankha ali chigonere kuti, "Amenewo ndi afiti." Wodi yonse inaseka, ndipo mbali yamoyo ya nkhope ya bambo inasekanso.

Koma kudzuka kumeneko kuli ndi mtengo wake, umene osewerawo akuuzindikira mochedwa. Nthawi iliyonse munthu akafa n'kudzuka, kachidutswa ka zimene ankakumbukira za kwawo kamatayika. Mtsogoleri wina wankhondo, Krusty, akupeza kuti akudziwa kuti kwawo anali ndi mphaka, koma za mphakayo zamuthawa. Pofotokoza zimenezi mawu anandigwira pa khosi, chifukwa bambo nawonso anali atabwerako ku khomo lija atataya zina m'njira. Ankayang'ana kapu, kuidziwa ntchito yake, koma dzina lake osalipeza. Ine ananditchula kangapo dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Lamulungu lotsatira, otumikira atabweretsa Ukaristia kwa odwala, ndinaganiza kuti kuuka kwa akufa kumene timavomereza n'kosiyana ndi kudzuka pa mwala womwewo kukapitiriza nkhondo yomweyo uli wochepako pang'ono. Sindinapite nazo patali, chifukwa bambo anatsamwa ndipo ndinathamangira madzi.

Pali mbali imodzi imene ndinailumpha dala. M'nthanoyo muli mapasa a zaka 14, Minori ndi Tohya. Kwawo Tohya ankayendera njinga ya olumala chifukwa cha ngozi ya galimoto, koma m'masewera akuthamanga ndi miyendo yake. Ndinayang'ana mwendo wa bambo uli gone pa bedi ngati chipika ndipo ndinaona kuti sindingathe. Ndikanakhala Tohya, ndipo khomo lobwerera kwathu likanatseguka, sindikudziwa ngati ndikanalowa. N'chifukwa chake sindimuseka munthu amene amathawira m'nthano zimenezi. Ndimayamba ndafunsa chimene akuthawa.

Chakumayambiriro kwa Disembala mawu a bambo anali akubwera limodzilimodzi: madzi, ayi, iwe. Madzulo ena ndili pakati posimba za malonda a chakudya mu Akiba, anandigwira mkono. Anavutika kwa kanthawi, milomo ikunjenjemera.

"Nanga... kwawo... akudziwa?"

Ndinati, "Ndani, bambo?"

"Ana... amenewo."

Chimenecho chinali chiganizo chawo choyamba chathunthu m'masabata asanu, ndipo ndinalibe yankho. Ndinali nditawerenga mitu mazanamazana ya nthano zotere osafunsapo funso limenelo. Mu zambiri galimoto yaikulu imagunda mnyamata pa tsamba loyamba, pa tsamba lachitatu iye akuphunzira kale matsenga, ndipo za mayi amene walandira uthenga wa maliro sitizimvanso. Nthano imene inayang'anako kumbuyo ndi Sword Art Online ija. Imatiuza kuti tsiku loyamba lomwe anthu 213 anafa chifukwa abale awo, pofuna kuwapulumutsa, anawavula zisoti. Otsalawo anasamutsidwira m'zipatala, komwe anagona zaka ziwiri. Kirito, ngwazi ya lupanga yoopedwa ndi onse, akudzuka ali mafupa okhaokha, n'kuyamba kuyenda m'khonde la chipatala atatsamira chitsulo chokolekapo diripi. Poyamba ndinawerenga zimenezo ngati mathero okoma chabe. Nditagona pa mphasa paja ndinayamba kuwerengetsera: mabedi pafupifupi 10,000, zaka ziwiri, kutembenuza thupi pa maola awiri aliwonse. Panali manja amene ankachita zimenezo. Mlongo wake wa Kirito ankabwera kudzakhala pambali pa bedi. Koma nthano yonse ya anthu amenewo, yosimbidwa kuchokera kunsi kwa bedi, ine sindinaipezebe, ndipo ndikanaiwerenga.

Zenera lija ndinkalifunabe. Chala chachikulu cha bambo chinagwedezeka tsiku lina m'mawa, ndinathamanga kukaitana anamwino, kenaka kwa masiku asanu ndi anayi osagwedezekanso. Ndinawafunsa mayi wa mafizo kuti, pa 100, bambo ali pati? Anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, izi zilibe malikisi." Titatuluka m'chipatala Khirisimasi ili pafupi, ndinagula kope n'kudzipangira zenera langa. Pakati pa khonde lathu ndi mtengo wa mango pali kamtunda pang'ono, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba mapazi amene bambo aponda asanapemphe mpando. Anayamba ndi 6. Mu Febuluwale anafika 14, mu Epulo 22. Mu Juni kutazizira anabwerera pa 10, n'kukhala pomwepo masabata atatu, iwo akuyesetsa chimodzimodzi, thukuta lili kamukamu. M'nthano zanga manambala amangokwera. Tsiku lina anaona kopelo, anandifunsa kuti ndi chiyani, ndipo nditawafotokozera anati ndikalisiye m'nyumba chifukwa likuwatopetsa. Ndinasiya kulemba, koma kuwerenga mumtima sindinasiye.

Panopa bambo amayenda ndi ndodo. Dzanja la kumanja silinabwerere. Amalankhula pang'onopang'ono, ndipo dzina langa sanaliphonyenso. Ine ndinapeza kantchito, ndipo usiku ndimawerengabe, monga mukundionera. Mwezi watha tili pa khonde madzulo, popanda chimene chinayambitsa, anandifunsa.

"Ana ako aja, a m'masewera, anabwerera kwawo?"

Ndinawauza kuti buku la 11, limene linatuluka ku Japan mu 2018 ndipo ndi lomaliza limene ndinawerenga, likutha iwo akadali komweko, akufunafuna njira.

"Zaka zonsezi?"

"Inde bambo."

Anakhala chete akuyang'ana nkhuku zikulowa m'khola. Kenaka anati, "Ndiye makolo awo akudikirabe." Anatambasula dzanja la kumanzere kuti ndiwapatse ndodo, ndipo tinatsika pa khonde kulowera ku mtengo wa mango, ine ndili kumbali yawo ya kumanja.